Mapanelo a sola sapsereza mbalame

Anthu ambiri akaona mapanelo a sola ku Nanjoka m'boma la Salima, omwe anayamba kupanga magetsi okwana mamegawati 60 mu 2021, amati pamenepo ndi pang'anjo: udzu sungamere, mbalame ikadutsa imapsa. Si choncho ayi.

Nkhani ya mbalame zopsa ndi yoona, koma inachokera ku Ivanpah, m'chipululu cha Mojave ku America. Kumeneko kuli magalasi zikwizikwi olunjikitsa kuwala kwa dzuwa pa nsanja zowiritsira madzi opangira magetsi, ndipo mbalame ikadutsa pafupi nthenga zimanyeka. Mapanelo a ku Salima salunjikitsa kuwala, amangokulandira n'kukusandutsa magetsi.

Pansi pa panelo pamakhala mthunzi. Masana dothi limazizirirapo, chinyontho sichiuma msanga, ndiye udzu umamera bwinobwino. Kutentha kulipo ndithu, tisanamizane: ku Arizona, ku America komweko, akatswiri ofufuza anapeza kuti usiku mpweya wa pamalo otere umatentha ndi madigiri 3 mpaka 4 kuposa m'chipululu choyandikana nacho.

Chimene chimavutitsa nyama kwenikweni ndi kulambula tchire ndi kumanga mpanda. Ku Ivanpah anachita kusamutsa akamba. Kuno kwathunso gwape akapeza waya panjira yopita kumadzi, amayenera kuzungulira kapena kubwerera.