Ku mapiri a Italy, Khirisimasi imakhala yozizira kwambiri

Ndatopa kumva anthu akuuzana chaka ndi chaka kuti ku Italy ndi kofunda, ndiye wokacheza kumudzi wa kumapiri pa Khirisimasi angotenga juzi imodzi basi. Si zoona.

Disembala ndi nyengo ya chisanu ku Ulaya konse. Kumpoto kwa Italy kuli mapiri a Alps, ndipo mapiri a Apennines adutsa pakati pa dzikolo mpaka kummwera. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mudzi wa Capracotta, m'chigawo cha Molise, uli pamtunda wa mamita 1,421, ndipo umadziwika ndi sinowo wambiri ngakhale uli kummwera kwa Rome. Dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, kenako kuzizira kumaluma ndithu.

Pali za ulendo zomwenso ambiri sazitchula. M'misewu yambiri ya kumapiri, kuyambira pa 15 Novembala mpaka 15 Epulo, galimoto iyenera kukhala ndi matayala a chisanu kapena matcheni omanga pa matayala kuti isaterereke. Pa 25 ndi 26 Disembala ndi tchuthi, choncho mabasi amachepa ndipo masitolo ambiri amatseka.

Chonde musamafalitse nkhani zoti ku Italy ndi kofunda musanafufuze, chifukwa wina akavutika nazo. Lembani dzina la mudzi umene mukupitako pa intaneti, muone kutalika kwake ndi zolosera zanyengo za mudzi womwewo, osati za Rome kapena Naples. Funsaninso eni nyumba yogona ngati msewu uli wotsegula komanso ngati zipinda zili ndi zotenthetsera.