Kupeza kutalika kwa mpanda wa dimba la makona atatu

Funso limene ndimakonda kupereka kwa ophunzira anga a ku sekondale ndi ili: mlimi ali ndi dimba la makona atatu pamalo pamene njira ziwiri zakumana n'kupanga ngodya ya madigiri 90. Mbali yotsata njira yoyamba ndi ya mamita 30, yotsata njira yachiwiri ndi ya mamita 40, ndipo mlimiyo akufuna kudziwa kutalika kwa mpanda wotchinga dimba lonse kuti mbuzi zisamalowe. Mawu akuti perimeter sakupezeka m'funsoli, komabe ndi chimene likufunsa, chifukwa perimeter ndi mtunda umene munthu angayende atatsata malire onse mpaka kubwerera pamene anayambira.

Wophunzira asanawerengere chilichonse, ayambe wajambula dimbalo papepala ndi kulemba nambala iliyonse pa mbali yake. Akatero amaona yekha kuti mbali imodzi sanauzidwe, ndipo ndi imene yayang'anizana ndi ngodya ya madigiri 90, yotalika kuposa zinzake, imene m'mabuku imatchedwa hypotenuse. Apa ndi pamene timagwiritsa ntchito lamulo lodziwika ndi dzina la Pythagoras, Mgiriki wa ku chilumba cha Samos, ngakhale kuti anthu a ku Babulo ankalidziwa zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe. Timachulukitsa 30 ndi 30 n'kupeza 900, kenako 40 ndi 40 n'kupeza 1,600, ndipo tikaphatikiza zimakwana 2,500. Nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 2,500 ndi 50, choncho mbali yachitatu ndi ya mamita 50.

Ambiri amalekera pomwepa, ndipo zimandipweteka mtima ndikamachonga, chifukwa gawo lovuta amakhala atalithetsa bwinobwino. Ndaonapo mwana atalemba 50, n'kudula mizere iwiri pansi pake mosamala ndi rula, osabwereranso kukawerenga funso. Mlimi uja sanafunse za mbali imodzi. Mpanda wake ndi mamita 30 kuphatikiza 40 kuphatikiza 50, amene ndi mamita 120.

Msampha wina umabwera pamene mbali yaitali ndi imene yaperekedwa. Ngati funso likuti hypotenuse ndi ya mamita 13 ndipo mbali ina ndi ya mamita 5, sitiphatikizanso ayi, koma timachulukitsa 13 ndi 13 n'kupeza 169, kenako 5 ndi 5 n'kupeza 25, ndipo timachotsa 25 pa 169 n'kutsala ndi 144, kutanthauza kuti mbali yosowayo ndi ya mamita 12 ndipo malire onse ndi mamita 30. Amene waloweza lamulo popanda kujambula amaphatikiza n'kupeza 194, ndipo mbali imene amaipeza imatalika kuposa hypotenuse, zimene sizingatheke.

Makolo amene amadandaula kuti masamuwa anawapita kumbali angathe kuthandizabe ana awo powatengera kwa mmisiri womanga nyumba pa tsiku loyeza maziko. Mmisiriyo amakhoma chikhomo pakona, amayeza mamita 3 pa chingwe chimodzi ndi mamita 4 pa chinzake, kenako amasuntha chingwe pang'onopang'ono mpaka tepi itawerenga mamita 5 pakati pa zizindikiro ziwirizo, ndipo pamenepo amati kona yakhala sikweya. Makona atatu amene wapangawo ndi dimba lija la mamita 30, 40 ndi 50, litachepetsedwa kakhumi.