Ku America dzina la kandideti silimangopezeka pa balota dziko lonse ayi

Ndatopa nayo nkhani iyi, zaka ndi zaka anthu akumanenabe zoti ku America munthu akangolengeza kuti akufuna upulezidenti basi dzina lake lalowa pa balota dziko lonse. Mwina tikutengera zakwathu kuno komwe umapereka mapepala ku bungwe limodzi nkuthana nazo, koma kumeneko sizili choncho.

Malamulo a dziko amangoti ukhale ndi zaka 35, wobadwa uli mzika, ndipo wakhalamo zaka 14. Koma za balota, steti (chigawo cha dzikolo) iliyonse mwa 50 zija ili ndi malamulo ake ndi tsiku lake lotsekera. Zipani ziwiri zikuluzikulu zija, Democratic ndi Republican, malo zili nawo kale, amene amavutika ndi oyima paokha ndi tizipani tating'ono. Woyima payekha amayenera kutolera masiginecha a ovota kuti alowe pa balota: ku Tennessee masiginecha 275 akwana, ku California akufuna 1 peresenti ya onse olembetsa kuvota, ndiye anthu opitilira 200,000, ku Texas amene wavota kale mu mapulaimale a chipani sangakusainirenso. Nchifukwa chake kampeni imalemba anthu oyenda ndi mafomu mmisika ndi maloya omwe, poti siginecha ina amaikana, ndipo kandideti atha kupezeka pa balota steti iyi koma yoyandikana nayo mulibe.

Kufufuza nkosavuta, maofesi a zisankho kumeneko amaika chitsanzo cha balota pa intaneti, tsegulani za masteti awiri mufananize mayina. Mukalandira uthenga pa WhatsApp wonena zina, yambani mwaona kaye musanautumize ku gulu.