Bambo atisiya, mfuti yawo yatsala kuseri kwa wadilopu, titani nayo?

Pa zinthu zonse zomwe anthu amabwera nazo ku ofesi kwanga pa nkhani za chuma chamasiye, kaya nyumba, puloti, galimoto, ndalama za penshoni, pali chinthu chimodzi chomwe chimatchulidwa kumapeto kwenikweni, munthu watsanzika kale wafika pakhomo nde amatembenuka, "aaa paja a loya, palinso mfuti ya malemu, ili kwa achimwene." Ndikafunsa kuti yakhala kwa achimwenewo nthawi yaitali bwanji, yankho limakhala chaka, zaka ziwiri, ena mpaka zisanu. Apa mtima wanga umagunda ndithu, chifukwa achimwene akunenedwawo akusunga mlandu m'nyumba mwawo koma iwo sakudziwa, akungoona ngati akusunga katundu wa bambo awo.

Ndine loya kuno ku Mzuzu ndipo nkhani imeneyi ndakumana nayo kokwanira, makamaka kwa mabanja omwe bambo anali mlimi wamkulu cha ku Mzimba kapena ku Rumphi, kapena anali ndi golosale kapena chigayo nde anagula mfuti yotetezera malo. Mabanjawa ndi abwinobwino, osafuna zoipa, kungoti palibe anawauzapo kuti layisensi ya mfuti ndi ya munthu mmodzi yekha, si ya banja.

Lamulo loyang'anira mfuti ku Malawi kuno ndi Firearms Act, la 1967, m'mabuku a malamulo ndi Cap. 14:08. Lakalamba inde koma likugwirabe ntchito. Mfundo yake yaikulu ndi yoti munthu sungapeze mfuti, kaya pogula, kaya popatsidwa ulere, opanda chilolezo, ndipo sungakhale nayo opanda layisensi ya dzina lako. Layisensiyo imanena za munthu wakutiwakuti ndi mfuti yakutiyakuti, ya nambala yakuti, ndipo imafuna kukonzedwanso chaka ndi chaka. Zipolopolo nazo zili mommo, olo mfuti palibe koma mwasunga kabokosi ka zipolopolo mu dilowa, lamulo likukukhudzani. Ganizirani za galimoto. Bambo akamwalira galimoto itha kukhala yanu, koma layisensi yawo yoyendetsera simungaitenge nkumaonetsa pa rodibuloko kuti ndi ya bambo anga. Ndi mfuti ndi chimodzimodzi koma zolimba kuposa pamenepo, chifukwa galimoto mutha kungoyiimika pakhomo osaiyendetsa palibe mlandu, pomwe mfuti kungokhala nayo kokha m'nyumba opanda pepala la dzina lanu ndi mlandu kale, olo simunaombepo ndi kamodzi komwe.

Chomwe chimasokoneza anthu nchoti pamenepa pakumana malamulo awiri. Loyamba ndi la chuma chamasiye, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, lomwe limanena kuti katundu wa malemu apite kwa ndani. Ngati pali wilo timatsata wilo, ngati palibe ndekuti oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana. Lachiwiri ndi la mfuti lija, lomwe limanena kuti ndani angaloledwe kuigwira. Nde zimatheka ndithu kuti wilo yalemba poyera kuti mfuti yanga ndikusiyira mwana wanga wamkulu, khothi lavomereza wiloyo, koma apolisi nkukana kumupatsa mwanayo chilolezo, mwina ali ndi mbiri ya milandu ya ndewu, mwina ndi wamng'ono, mwina alibe chifukwa chomveka chofunira mfuti kapena malo abwino osungira. Wilo siyilamula apolisi. Chomwe mwanayo ali nacho ndi mtengo wake wa mfutiyo, itha kugulitsidwa kwa munthu yemwe ali ndi chilolezo kapena kwa ogulitsa mfuti ovomerezeka, ndalama nkupita kwa iye, koma kuinyamula kupita nayo kwake ayi.

Kuno kumpoto pali mwambo woti zinthu za bambo ngati zimenezi zimapita kwa mwana wamwamuna woyamba kapena kwa mchimwene wa malemu, ndipo nthawi zambiri zimagawidwa pa tsiku lomwe abale akhala pansi maliro atatha, jekete kwa uyu, njinga kwa uyo, mfuti kwa uje. Ine mwambo ndimaulemekeza, koma pa mfuti pokha akuluakulu a banja alibe mphamvu imeneyo, ngakhale a mfumu alibe. Ndipo ndionjezere apa kuti kutenga katundu wa malemu mwa mphamvu, kusiya mayi wamasiye ndi ana manja ali m'khosi, lamulo la 2011 lija limati ndi mlandu. Ndaonapo mlamu atatenga mfuti tsiku loika maliro lomwelo ati "ndikusungireni alamu," ameneyo wadziika pa milandu iwiri nthawi imodzi.

Nde zoyenera kuchita ndi ziti. Maliro akangotha, olo asanathe ngati pakhomo pali chipwirikiti cha anthu ambiri ndi mowa, mmodzi wa akuluakulu apite ku polisi ya pafupi, kaya ndi Mzuzu Police kaya ndi kwanu komwe muli, akanene kuti mwini mfuti wamwalira. Chonde musaikulunge m'chitenje nkukwera nayo minibasi kapena kabaza kuchokera ku Ekwendeni, mukakumana ndi apolisi panjira nkhani yoti mumapita nayo ku siteshoni idzakhala yovuta kuikhulupirira. Pitani kaye chimanjamanja mukanene, iwo akuuzani ngati abwere kudzaitenga kapena muibweretse motani. Ndipo ngati simudziwa za mfuti musaigwiregwire kuti muone ngati muli chipolopolo, mfuti ya munthu womwalira muziitenga ngati yodzaza basi, chotsani ana m'chipindamo mukhome.

Mutenge layisensi ya malemu ngati mwaipeza, chiphaso chanu cha unzika, ndi pepala losonyeza kuti munthu wamwalira, setifiketi ya imfa imachokera ku National Registration Bureau koma poyambira olo pepala la kuchipatala kapena kalata ya a mfumu imathandiza kufotokoza nkhani. Posiya mfutiyo, apa ndimalimbikira kwambiri, muonetsetse kuti yalembedwa m'buku ndipo inu mwapatsidwa pepala losonyeza mtundu wa mfuti, nambala yake, kuchuluka kwa zipolopolo, tsiku, ndi dzina la yemwe walandira. Nambalayo muijambulenso pa foni. Nkhani za chuma chamasiye zimatenga nthawi, maofesala amasamutsidwa, nde pakapita miyezi pepala limenelo ndi lomwe lidzakuyankhulireni.

Kenako nkhani ya chuma iyende njira yake, kaya kudzera ku High Court kuno ku Mzuzu kuti mupeze makalata oyendetsera chuma, kaya kwa Administrator General, ofesi ya boma yoyang'anira chuma chamasiye, kapena kwa DC. Amene alibe ndalama ya loya, Legal Aid Bureau ili ndi ofesi mu mzinda muno. Koma dziwani kuti olo mwapatsidwa makalata oyendetsera chumawo, ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti mfuti yapita koyenera, sikuti mwasanduka mwini wake woti muziyenda nayo kumunda. Yemwe banja lagwirizana kuti aitenge apemphe chilolezo m'dzina lake ngati munthu wina aliyense wofuna mfuti, kudzera ku polisi ya kwawo, nkhani imakafika ku ofesi ya Registrar of Firearms, yomwe imalembetsa mfuti. Adzamufufuza, adzafunsa chifukwa, ndipo akavomera mpamene mfutiyo imalembedwa m'dzina lake. Ndalama iliyonse yomwe mwalipira mutenge lisiti ya boma, za kuseri zoti "tikuthandizani mwachangu" zisiyeni, pepala lopezeka mwa njira imeneyo lidzakutembenukirani.

Izi sizikhudza maliro okha ayi. Agogo akalamba maso sakuona bwino, akuti mdzukulu tenga mfuti iyi uzithamangitsira anyani ndi nguluwe kumunda. Malume akupita ku Joni miyezi isanu ndi umodzi, akusiyira mphwawo. Bambo wa bizinesi wapatsa mlonda kuti azigona nayo ku sitolo. Anthu amaona ngati poti mwini wake ali moyo ndipo layisensi ili bwinobwino ndekuti palibe vuto, koma wolandirayo alibe pepala, ndipo woperekayo naye walakwa popereka mfuti kwa munthu wopanda chilolezo. Onse awiri atha kukaima mu khothi. Nde tangoganizani mdzukulu uja watengeka ndi anzake walowa nayo m'malo otetezera nyama a ku Vwaza kapena ku Nyika kukasaka, kumeneko kuli lamulo linanso, National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 mpaka zilango zina kufika zaka 30 ku ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri. Nambala ya mfutiyo ikafufuzidwa ikuloza kwa agogo omwe ali khale pakhonde sakudziwa kanthu. Ngati agogo akufunadi kupereka, njira ndi yomweyo, mdzukulu apemphe chilolezo kaye, chikatuluka mpamene mfuti isinthe manja, osati kuyamba kupereka mapepala nkumatsatira pambuyo.

Za ku Joni ndinenepo pang'ono poti kwathu kuno pafupifupi banja lililonse lili ndi wina kumeneko. Layisensi ya ku South Africa ndi ya ku South Africa, siyigwira ntchito kuno, ndipo kulowetsa mfuti m'dziko muno kumafuna chilolezo chakechake. Mbale akamwalira kumeneko katundu akubwera pa thiransipota, mfuti isakhale m'gulu la mafiriji ndi matilesi. Maiko a SADC anasainirana pangano loletsa kuyenda kwa mfuti mwachisawawa mu 2001, ndipo anasainira ku Blantyre, m'dziko mwathu momwe muno.

Pali gulu lina lovutirapo, mfuti zomwe sizinakhalepo ndi pepala chiyambire. Gogodela wa agogo, mfuti yachikale ija, yomwe yakhala kudenga zaka makumi, kapena zija zinalowa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992, kapena zomwe zinamwazika asilikali atalanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Mfuti yankhondo ngati AK47 munthu wamba sangapatsidwe layisensi yake, nde palibe zoti tiilembetse m'dzina la mwana, imeneyo njira ndi imodzi, kuipereka ku boma. Ndikudziwa mantha omwe anthu amakhala nawo, amati tikakanena atimanga ife. Nchifukwa chake ndimati pitani ndi loya kapena ndi a mfumu, mukanene nokha mwangoipeza kumene posesa m'nyumba ya malemu. Munthu wobwera yekha kudzanena ndi munthu yemwe apolisi amupeza nayo pansi pa bedi patapita zaka zitatu, nkhani zawo sizifanana olo pang'ono. Kuitaya m'chimbudzi kapena kuikwirira kumunda musayerekeze, mawa mwana adzaifukula.

Pomwe banja lakhala pansi kusankha woti atenge mfuti, ine ndimapempha kuti azimayi a pabanjapo afunsidwe, makamaka mkazi wa yemwe akufuna kuitengayo, payekha osati pagulu. Iye ndi amene akudziwa ngati bambowo akaledzera amaopseza, ngati pakhomopo pamakhala ndewu, ngati masiku ano akumakhala okhumudwa ndi ngongole osayankhula ndi munthu. Apolisi atha kufufuza osapeza mlandu uliwonse, poti zambiri za m'nyumba sizifika ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, koma azakhali ndi alongo amadziwa. Mayi wina yemwe ndinamuthandiza chaka chatha, amuna ake anasiya shotigani ndi ana aamuna atatu onse akuifuna, iye anangoti mwa ana angawa palibe yemwe ndingagone tulo atasunga chinthu chimenechi. Tinaisiya ku polisi, makalata a chuma atatuluka inagulitsidwa kwa mlimi wina yemwe anali ndi chilolezo chake, ndalamayo inalipira fizi ya mwana wamkazi womaliza yemwe anali folomu 3.