Musanagule hanesi, muyezeni kaye galuyo

Zilonda zambiri zimene ndimatsuka pakhosi pa agalu kuno ku Zomba sizichokera kwa agalu anzawo ayi. Zimachokera ku waya, tcheni kapena chingwe cha nayiloni chimene mwiniwake anamanga galu akadali kamwana, n'kuiwala kuti khosi likukula. Choncho ndikaona anthu a ku Matawale kapena ku Chinamwali akuyenda ndi galu wovala hanesi, malamba aja ozungulira chifuwa ndi mapewa, ndimakondwa, poti galu akamakoka mphamvu yonse imagwera pachifuwa osati pakholingo. Komatu hanesi yosamukwana bwino nayonso imavulaza. Bala limangosamuka pakhosi kupita m'khwapa.

Cholakwika chimayambira pogula. Munthu amaona chilembo M n'kunena kuti galu wanga ndi wapakatikati, imeneyi imukwana. Zilembo zimenezi palibe lamulo lozigwirizanitsa. M ya kampani ina ikhoza kufanana ndi L ya kampani inzake, ndipo zambiri zopezeka m'kaunjika kakalata kake kanathothoka kalekale. Kulemera kwa galu nakonso kumanamiza, chifukwa agalu awiri a makilogalamu 18 akhoza kusiyana kwambiri kukula kwa chifuwa. Chodalirika ndi tepi basi.

Bwerekani tepi kwa telala. Ikasowa, tengani chingwe, muchizungulize pa galu, mupange mfundo, kenako muchiyeze pa rula ya mwana wasukulu. Galu aime ndi miyendo yonse inayi, chifukwa akakhala pansi kapena kugona muyezo umasintha. Muyezo waukulu ndi wa chifuwa. Tepi idutse kuseri kwa miyendo yakutsogolo, pamene nthiti zatakasuka kwambiri, ikwere kumsana n'kukumana. Igunde khungu koma osafinya, ndipo ngati galu ndi waubweya wambiri, ubweyawo muupanikize pang'ono. Muyezo wachiwiri ndi wa patsinde pa khosi, pamene khosi lakumana ndi mapewa, kutsikira pa fupa losongoka lija limamveka kutsogolo kwa chifuwa. Ambiri amayeza m'mwamba momwe mumakhala kolala, ndiye amabwera ndi hanesi yokana kulowa kapena yotsamwitsa. Manambalawo muwalembe ndi kupita nawo kumsika pamodzi ndi tepiyo. Ngati kakalata kalembedwa m'mainchi, inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Galu akagwera pakati pa masaizi awiri, tengani yokulirapo ndipo mukachepetse malamba kunyumba.

Agalu athu achikuda ali ndi thupi lawolawo, ndipo opanga hanesi ambiri sankaganiza za iwo. Chifuwa chawo n'chakuya, mimba yolowa m'kati, mutu wowonda wosasiyana kwenikweni ndi khosi. Galu wotere akachita mantha sathamangira kutsogolo. Amabwerera chambuyo, kuweramitsa mutu, kupinda miyendo, mwadzidzidzi mwatsala ndi hanesi yopanda kanthu m'manja. Izi zimaoneka kwambiri pa tsiku la katemera wa chiwewe, ngati amene bungwe la Mission Rabies linayambitsa ku Blantyre mu 2015 n'kudzafika nawo kuno ku Zomba. Pamzere pamakhala agalu ambirimbiri osadziwana, phokoso lili tholo, ndipo galu amene wavula n'kuthawa kawirikawiri amabwerera kwawo osabayidwa. Kwa galu wamantha ndimalangiza hanesi yokhala ndi lamba wachitatu, wodutsa cha kumapeto kwa nthiti kumene thupi layamba kuwonda. Imeneyo kuivula n'kovuta. Ndipo galu akayamba kubwerera chambuyo musalimbane naye pokoka, chifukwa mukumuthandiza kuvula. Lekererani chingwe pang'ono, mumuyandikire.

Mukamuveka, lowetsani zala ziwiri, mozigoneka, pansi pa lamba aliyense. Zikakana kulowa, yathina. Dzanja lonse likalowa, yakhwepa, ndipo musaganize kuti kukhwepa ndi chifundo, chifukwa lamba wogwedera ndi amene amapekesa khungu mpaka ubweya kusosoka. Lamba wa pachifuwa atalikirane ndi chigongono mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Kutsogolo, ine ndimakonda hanesi yomwe malamba ake amapanga chilembo Y, mphanda yake itakhala pa fupa la pachifuwa lija, mapewa ali omasuka. Ija ya lamba mmodzi wopingasa pamapewa ndi yosavuta kuveka, koma kwa galu woyenda mtunda wautali, monga wokwera nanu ku Ku Chawe, imamutchinga potambasula mwendo.

Zonsezi mwaziona galu ataima. Tsopano yendani naye, mumuthamangitseko pang'ono. Hanesi ikamapendekera mbali imodzi ndiye kuti malamba sanalingane kapena ndi yaikulu. Galu akamatsokomola pokoka, mphanda ija yakwera pakhosi. Akamayenda timapazi tifupitifupi kapena kuimaima n'kumadzikanda m'khwapa, pali pomwe ikumudya. Mukabwerako ivuleni, mupapase m'khwapa ngati mwafiira.

Pa ana agalu, chonde musachite zimene timachita ndi yunifomu ya mwana wa Sitandade 1, kugula yaikulu kuti adzakuliramo. Mwana wa munthu sangavule shati n'kuthamangira pamsewu wa M3, koma kagalu kangathe. Gulani yotsika mtengo yomukwana lero, muziyesa zala ziwiri zija sabata iliyonse, ndipo vomerezani kuti mudzagulanso. Agalu ang'onoang'ono amasiya kukula asanakwane kapena atangokwana chaka, pomwe akuluakulu ngati Boerboel amapitiriza kudzaza chifuwa mpaka zaka ziwiri. Galu wamkulu nayenso amasintha akadwala, akanenepa kapena akamayamwitsa.

Hanesi ndi yoyendera, si yogonera kapena yomangira galu pamtengo tsiku lonse. Kutentha kwa mu Okutobala ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja zimanyowetsa khungu pansi pa malamba, ndipo nkhupakupa zimakonda kubisala momwemo. Ichapeni ndi sopo, iume bwinobwino. Musanamuvekenso, yang'anani ulusi wa pamphete pomwe mumakola chingwe ndi zomangira zapulasitiki zija, chifukwa pa hanesi ya kaunjika ndi pamenepo pamayamba kuduka.