Abambo ofuna mwana, jakisoni wa testosterone si mankhwala obereketsa

Kwafala mphekesera yoti jakisoni wa testosterone, homoni yachimuna, amawonjezera mphamvu yobereka. Ena akubayitsa pofuna thupi lamphamvu, ena chifukwa zinthu zafooka kuchipinda. Koma amene akutidetsa nkhawa kwambiri ife azachipatala ndi abambo omwe atha zaka m'banja popanda mwana, ndiye wina wawanong'oneza kuti jakisoniyu ndiye yankho. Abambo inu, mankhwalawa amatseka njira ya mwana yemwe mukumufunayo.

Mwachidule, thupi limagwira ntchito chonchi. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary, kamene kamatulutsa mahomoni awiri, LH ndi FSH. LH imauza machende kuti apange testosterone, pomwe FSH imathandiza kupanga mbewu ya abambo. Testosterone wa m'kati mwa machende amakhala wochuluka kwambiri kuposa wa m'magazi, ndipo mbewu imakula chifukwa cha ameneyo. Mukabaya wochokera kunja, ubongo umaona kuti m'magazi wadzaza kale, ndiye umasiya kutumiza LH ndi FSH. Machende amagona. Pakapita miyezi amayamba kuchepa, ndipo mbewu imatsika.

Zimenezi si zongoganizira. Mu 1990 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku woyesa jakisoniyu ngati njira yolera ya abambo. Amuna athanzi ankabayidwa mamiligalamu 200 sabata iliyonse, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anapezeka opanda mbewu ngakhale imodzi isanakwane miyezi 6. Mvetsani bwino: akatswiri ankawayesa ngati mankhwala olerera, inu mukuwabaya kuti mubereke!

Chomwe chimapusitsa anthu n'choti kunja zonse zimaoneka bwino. Chilakolako chabwerera, kuchipinda zikuyenda, umuna ukutuluka monga kale. Koma umuna si mbewu. Akauyika pa maikulosikopu ku labu, nthawi zambiri mumapezeka madzi okhaokha. Tikafunsa kuti, "Pali chomwe mukumwa kapena kubaya?" yankho limakhala lakuti, "Ayi, ndi mavitamini chabe." Nthawi yonseyi mayi akuyezedwa uku ndi uku, mlandu uli pa iwo. Chonde nenani zoona tsiku loyamba lomwelo, ndipo botolo kapena paketi mubwere nayo.

Mukasiya, mbewu sibwerera mawa. Kuti mbewu imodzi ipangike mpaka kukhwima zimatenga masiku pafupifupi 74, ndipo ubongo nawo umachedwa kudzuka. Ambiri amachira pakati pa miyezi 6 ndi 12, ena mpaka zaka ziwiri. Amene abaya kwa zaka zambiri, kapena amsinkhu, amachedwa kwambiri, ndipo ena sabwerera mwakale. Mwezi uliwonse womwe mukubisa ukutalikitsa ulendowu. Komanso musaganize kuti jakisoniyu ndi njira yodalirika yolera, chifukwa si onse amene mbewu imatheratu.

Pali mavuto enanso. Gawo lina la testosterone limasanduka estradiol, homoni yomwe imatupitsa mabere a mwamuna. Maselo ofiira a magazi amachuluka, magazi n'kumaundana mosavuta. Amene amapaka testosterone pakhungu amatha kupatsira mwana kapena mkazi akakhudzana nawo. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena mwendo umodzi ukatupa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Alipo abambo amene amafunikiradi mankhwalawa, sitikukana. Koma kutopa kapena kufooka kuchipinda sikokwanira kuti munthu adziweruze yekha, popeza shuga, kunenepa kwambiri, mowa ndi nkhawa zimabweretsanso zomwezo. Magazi amayezedwa m'mawa, kawiri pa masiku osiyana, ndipo madokotala ambiri amayamba kukayikira testosterone akatsika pansi pa 300 ng/dL pa muyezo wa ku labu. Amayezanso LH ndi FSH kuti adziwe ngati vuto lili mu ubongo kapena m'machende.

Musanalandire jakisoni woyamba, auzeni adokotala ngati mukufunabe mwana, ngakhale mutakhala kuti mukumufuna patsogolo. Pali mankhwala ena, monga hCG ndi clomiphene, amene amadzutsa machende kuti adzipangire okha testosterone osapha mbewu. Ngati munayamba kale kubaya, musadikire kuti botolo lithe kaye. Pitani mukayezetse umuna ndi magazi sabata ino, ndipo kasiyidwe kake mukagwirizane ndi adokotala.