Makina ochapira akamavina, vuto si mota

Kuno ku Lilongwe, makina ochapira akayamba kugwedezeka ndi kusuntha pokamula madzi, ambiri amathamangira kunena kuti mota yatha. Ena amangosanjika njerwa pamwamba. Zonsezi n'zolakwika. Mota yowonongeka imalephera kuzunguza dramu (mgolo woikamo zovala) kapena imanunkha chopserera, siyendetsa makina pasimenti. Njerwazonso n'zosafunika, chifukwa makina otsekulira kutsogolo ali kale ndi zibuma za konkire mkati.

Ngati makinawo ndi atsopano, yang'anani kumbuyo kwake. Kumakhala mabawuti 3 kapena 4 ogwira dramu kuti isamenyeke paulendo. Akapanda kuchotsedwa, masipuling'i sagwira ntchito, ndiye makina onse amadumpha. Amasuleni ndi sipanala, mutseke mabowo ndi tizivindikiro tapulasitiki timene timabwera ndi makinawo. Mabawutiwo musataye, mudzawafuna posamuka.

Kenaka miyendo. Kanikizani makona oyang'anizana; makina akagwedera, ndiye kuti mwendo umodzi uli m'malere. Uzunguzeni mpaka ugunde pansi, muyeze ndi levulo pamwamba pa makina, mumange nati ya mwendowo zolimba. Nati yosamangitsa ndi imene imabweza vutoli pakapita masiku. Paleti kapena thabwa lopyapyala pansi pa makina limangowonjezera kugwedera.

Kachapidwe nakonso kamathandizira. Bulangete limodzi lonyowa limaunjikana mbali imodzi ya dramu yozungulira maulendo 1,000 pa mphindi. Onjezeranimo matawulo awiri.

Zikapitirira, zulani pulagi, mukankhire dramu pansi ndi dzanja n'kuisiya. Ikamanjanja osakhazikika msanga, mashoko (zitsulo za pansi pa dramu zochepetsa kugwedezeka) atha. Sinthani onse pamodzi, osati limodzi lokha.